Zimbale Zopambana za 1986: Ankasankha Ndani, Ankayeza ndi Chiyani?

Disembala akangolowa, mawailesi amayamba kutiwerengera nyimbo zimene zavuta m'chakacho, kuchokera pa nambala 20 mpaka pa nambala 1. Nyimbo yomalizayo isanathe n'komwe, mkangano umakhala utabuka kale m'minibasi, kometera tsitsi ndi pabawo. Wina akuti oyimba akwawo awabera, wina akuti muulutsi anapatsidwa kangachepe, winanso akungofunsa kuti kodi anawerengera ndani. Funso lachitatuli ndilo lili ndi nzeru, ndipo ndi limene tikulitsata m'nkhani ino.

Kusankha nyimbo imodzi n'kovuta kale, nanji kusankha chimbale chathunthu pakati pa zimbale zikwizikwi zotuluka m'chaka chimodzi. Kuti tisamangoyankhula za m'malere, titenga chaka cha 1986. Papita nthawi yokwanira kuti tione amene analasa ndi amene anaphonya. Komanso chimbale chimene ambiri anachiika patsogolo chaka chimenecho chinayamba kujambulidwa ku Johannesburg, ndipo woyimba gitala wake wamkulu anali Phiri.

Chimbale si mulu wa nyimbo

Mu 1986 nyimbo zinkagulitsidwa m'njira zitatu. Panali mbale yakuda yapulasitiki yoseweredwa ndi singano, panali kaseti, ndipo CD inali itangoyamba kufala m'mayiko olemera. Mbale yakudayo ndi imene inakhazikitsa kukula kwa chimbale monga tikuchidziwira lero. Mbali iliyonse inkanyamula mphindi 20 ndi zochepa zoonjezera, choncho chimbale chonse chinkatha mphindi pafupifupi 40 kapena 45, nyimbo zapakati pa 8 ndi 12. Womvera ankayenera kudzuka pampando n'kukatembenuza mbale. Oyimba ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankaganizira mofatsa nyimbo yotsegulira, yotsekera mbali yoyamba, ndi yoti ikope munthu akatembenuza.

Ndiye poweruza chimbale sitifunsa ngati muli nyimbo imodzi yoti anthu n'kuvina usiku wonse. Timafunsa ngati mphindi 40 zonsezo zikugwirizana, ngati munthu angamvere kuchokera koyamba mpaka kumapeto dzanja lake osayabwa kufuna kudumpha nyimbo. Zimbale zambiri zimagwa pamenepa. Zimakhala ndi nyimbo ziwiri zamoto, zotsalazo n'zongodzazira malo.

Kodi chaka chimayamba liti?

Funso limeneli likuoneka ngati lachibwana, koma ndi limene limasokoneza mindandanda yambiri.

Magazini ya Billboard ya ku America, imene imawerengera malonda a nyimbo, inalengeza kuti chimbale choyamba cha Whitney Houston ndicho chinali patsogolo mu 1986. Chimbalecho chinatuluka mu Febuluwale 1985, kungoti chinachedwa kugwira moto. Pamene Slippery When Wet cha gulu la Bon Jovi, chimene chinatulukadi mu Ogasiti 1986, chinadzakhala patsogolo pa mndandanda wa 1987.

Eni mphoto za Grammy analinso ndi kalendala yawoyawo. Chaka chawo chinkayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 30 Seputembala. Motero The Broadway Album cha Barbra Streisand, cha mu Novembala 1985, chinapikisana ndi zimbale za 1986, pamene Licensed to Ill cha Beastie Boys, cha mu Novembala 1986, chinapeza chitseko chitatsekedwa.

Palinso nkhani ya malo. Masiku amenewo chimbale sichinkatuluka tsiku limodzi padziko lonse. The Indestructible Beat of Soweto, chosonkhanitsa nyimbo za mbaqanga ndi zina za anthu akuda a ku South Africa monga Mahlathini ndi Ladysmith Black Mambazo, chinatuluka ku Britain mu 1985, ku America mu 1986, pamene nyimbo zake zinajambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndi cha chaka chiti? Nanga bokosi la mbale zisanu la Bruce Springsteen la mu Novembala 1986, lodzaza ndi nyimbo zoyimbidwa pamaso pa anthu kuyambira 1975 mpaka 1985, tiliwerengere ngati ntchito yatsopano? Aliyense wolemba mndandanda amayenera kudula milandu imeneyi asanayambe, ndipo mmene wadulira zimasintha wopambana.

Muyeso wa msika

Njira yooneka yachilungamo kwambiri ndi kuwerenga makope amene agulidwa. Ku Britain chimbale chogulidwa kwambiri mu 1986 chinali True Blue cha Madonna. Ku America chimbale chikagulidwa makope 1 miliyoni chimapatsidwa chizindikiro cha platinum, ndipo Raising Hell cha Run-DMC chinali chimbale choyamba cha rap kufika pa chizindikirocho kangapo.

Komabe manambala a nthawi imeneyo tisawakhulupirire mopitirira. Mpaka 1991, Billboard inkadalira malipoti ochokera kwa eni masitolo, amene ankanena okha zimene akuti zikuyenda malonda. Mwini sitolo ankatha kuiwala, kukondera, kapena kunyengereredwa ndi makampani a nyimbo. Mu Meyi 1991 anayamba kugwiritsa ntchito SoundScan, makina owerengera chimbale chilichonse chikamadutsa pa kauntala. Nthawi yomweyo zinaoneka kuti nyimbo za rap ndi za country zinkagulidwa kwambiri kuposa mmene masitolo ankanenera. Ngati zinali choncho mu 1991, palibe chifukwa choganizira kuti mu 1986 zinali bwinoko.

Ngakhale manambala atakhala oona, msika umangotiuza chimene anthu a ndalama m'thumba anagula. Kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake, yozungulira mudzi wonse mpaka tepi kutafunidwa, siilowa m'buku la aliyense.

Mphoto ndi amene amazipereka

Mphoto za Grammy zinayamba mu 1959. Ovota ake si anthu wamba. Ndi mamembala a bungwe la Recording Academy: oyimba, opeka nyimbo, ojambula nyimbo ndi amisiri a m'situdiyo. Pamwambo wa pa 24 Febuluwale 1987, zimbale zisanu zinalimbirana mphoto ya chimbale cha chaka: Graceland cha Paul Simon, So cha Peter Gabriel, Control cha Janet Jackson, Back in the High Life cha Steve Winwood, ndi cha Streisand chija. Graceland ndicho chinapambana.

Ubwino wa ovota otere ndi woti amadziwa ntchito. Amamva pamene ng'oma yajambulidwa mwaluso ndi pamene mawu akhala pamalo pake. Kuipa kwake n'koti anthu okhazikika pantchito amakonda zimene anazolowera. Pa zimbale zisanuzo panalibe cha rap ngakhale chimodzi, panalibenso cha heavy metal, nyimbo za magitala olira mwaukali ndi ng'oma zothamanga. Mitundu iwiriyi inalibe n'komwe gawo lake pa Grammy mpaka 1989. Ndipo m'chaka chimenecho, mphoto yoyamba yophatikiza metal inapita kwa Jethro Tull, gulu lakale lodziwika ndi chitoliro, kusiya Metallica. Okonda metal mpaka lero amaseka nazo.

Ounika nyimbo

Gulu lachitatu ndi la atolankhani amene ntchito yawo ndi kumvera zimbale n'kulemba maganizo awo. Nyuzipepala ya The Village Voice ya ku New York inkasonkhanitsa mavoti awo chaka chilichonse pa kafukufuku wotchedwa Pazz & Jop. Wounika aliyense ankapatsidwa mapointi 100 oti agawire zimbale 10, chimbale chimodzi osapitirira 30, osachepera 5. Mapointi onse akaphatikizidwa, Graceland chinakhala pa nambala 1 mu 1986. Ku London, magazini ya NME inasankha Parade cha Prince.

Kuphatikiza mavoti chonchi kuli ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Tiyerekeze kuti ounika ndi 10. Atatu akonda chimbale china ndi mtima wonse n'kuchipatsa mapointi 30 aliyense, enawo osachitchula n'komwe: chapeza 90. Chimbale china palibe amene wachiika patsogolo, koma onse 10 achipatsa mapointi 10: chapeza 100, chapambana. Choncho mndandanda wa anthu ambiri umakweza chimbale chosakhumudwitsa aliyense, n'kutsitsa chimene chagawanitsa anthu. Kawirikawiri chogawanitsa anthucho ndi chimene chabweretsa zachilendo.

Graceland: chimbale chabwino, mlandu wosatha

Nkhani ya Graceland inayamba ndi kaseti. Mu 1984 Paul Simon, amene nyenyezi yake inali itayamba kuzilala, anabwerekedwa kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku South Africa, momwe munali gulu la Boyoyo Boys. Mu Febuluwale 1985 anakwera ndege kupita ku Johannesburg kukajambula ndi oyimba akumeneko. Akodiyoni yotsegula chimbalecho ndi ya Forere Motloheloa wa ku Lesotho. Mulinso General M.D. Shirinda ndi Gaza Sisters, oyimba Chitsonga. Besi gitala imene aliyense amaikumbukira mu You Can Call Me Al ndi ya Bakithi Kumalo. Gitala ndi ya Ray Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela, wobadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, amene bambo womulera anali Mmalawi wopita kukagwira ntchito ku South Africa, yemwenso ankayimba gitala. Nyimbo ya Homeless, ya mawu okhaokha popanda chida chilichonse, Simon anaipeka pamodzi ndi Joseph Shabalala wa Ladysmith Black Mambazo, ndipo anakaijambulira ku Abbey Road ku London.

Kapangidwe kake kanali kosiyana ndi chizolowezi cha Simon. M'malo moyamba ndi mawu ndi gitala yake, anayamba wajambula zoyimbira ku Johannesburg, n'kupita nazo ku New York, kumene anakalemba mawu ogwirizana nazo. N'chifukwa chake munthu wa kuno akamvera chimbalechi amamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: pansi pali mayendedwe amene amawadziwa kuchokera ku maukwati ndi kumabala, pamwamba pali mzungu wa ku New York akulingalira za banja lake lotha.

Vuto linali nthawi yake. Mu 1980 bungwe la United Nations linapempha oyimba ndi aluso onse kuti anyanyale South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Pa 12 Juni 1986, miyezi iwiri chimbalechi chisanatuluke, boma la P.W. Botha linakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse, ndipo anthu zikwizikwi anatsekeredwa popanda mlandu. Otsutsa, monga Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo, ndi Jerry Dammers a gulu la Artists Against Apartheid, ankati Simon waphwanya kunyanyalako, sanapemphe chilolezo kwa ANC, ndipo watulutsa chimbale chosatchula tsankho pamene makomboni akuyaka. Omuikira kumbuyo ankati sanakayimbire azungu ku Sun City, analipira bwino oyimba akuda, analemba mayina a ena mwa iwo ngati opeka nawo nyimbo, ndipo anawatsegulira dziko lonse. Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, amene anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lawo pothawa tsankho lomwelo, anayenda naye paulendo wokayimba, ndipo mu Febuluwale 1987 anayimba naye pa bwalo la Rufaro ku Harare. Ladysmith Black Mambazo inapata Grammy yakeyake mu 1988 ndi chimbale cha Shaka Zulu. Ray Phiri, amene anamwalira mu 2017, anadzadandaula poyera patapita zaka kuti ntchito yake yopeka sinalemekezedwe mokwanira.

Kodi zonsezi zikukhudza funso loti chimbale ndi chabwino? Ena amati khutu lokha ndilo liweruze. Ine sindikuona choncho. Amene akuti Graceland ndicho chopambana mu 1986 akuyamikira makamaka kulira kwa gitala, besi ndi makwaya, ndipo zimenezo zili ndi eni ake. Dzina lili pachikuto ndi limodzi, mphoto inapita m'manja mwa munthu mmodzi. Chimbalecho ndi chokoma, palibe wokana. Koma kwa ovota ambiri a ku New York ndi Los Angeles chinali chodabwitsa chifukwa anali asanamvepo mbaqanga, pamene kwa womvera wa ku Soweto, Bulawayo kapena Ndirande chachilendo chinali mawu a Simon okha.

Zimene sizinafike m'makutu a owerengera

M'chaka chomwecho Ray Phiri ndi Stimela anatulutsa Look, Listen and Decide. Nyimbo yake ya Whispers in the Deep inaletsedwa pa wailesi ya boma ya SABC, ndipo kuletsako kunangoipangitsa kutchuka. Gitala ndi yomweyo ya mu Graceland, koma pano ikuyankhula za kwawo. M'mindandanda ya ku America ndi ku Britain ya 1986 simudzachipeza chimbalechi pamwamba. Si kuti ounika anachimvera n'kuchikana. Ambiri sichinawafike.

Bhundu Boys a ku Harare anachita mwayi. Chimbale chawo cha Shabini, cha nyimbo za jit, chinatulutsidwa ku Britain mu 1986 ndi kampani yaing'ono, ndipo aulutsi awiri a BBC, John Peel ndi Andy Kershaw, anachikonda n'kumachiseweretsa kawirikawiri. Pofika 1987 anyamatawo anali akutsegulira Madonna pa bwalo la Wembley. Luso linalipo kale ku Zimbabwe, chimene chinasintha n'choti anthu awiri okhala ndi maikolofoni ku London analimva. Ku Nigeria, Fela Kuti anatuluka m'ndende mu Epulo 1986 n'kutulutsa Teacher Don't Teach Me Nonsense, chimbale cha nyimbo zazitali moti wailesi yamalonda sikanaziseweretsa.

Ku Malawi nkhani inali ina. Wailesi inali imodzi, MBC, kanema kunalibe, ndipo oyimba ambiri ankajambulira nyimbo zawo ku situdiyo za wailesiyo kuti ziziulutsidwa, osati kuti zikagulitsidwe ngati chimbale. Nyimbo inkatha kudziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa popanda chikuto, popanda tsiku lotulukira. Mpikisano wa zimbale umasiya kunja oyimba onse otere usanayambe n'komwe.

Chiweruzo cha nthawi

Chimanga sachiyamikira chili m'munda. Umadikira uone ngati chafika Febuluwale chisanafumbwe m'nkhokwe. Zimbale za 1986 zakhala m'nkhokwe nthawi yokwanira.

The Queen Is Dead cha gulu la The Smiths la ku Manchester sichinakhale pa nambala 1 pa mndandanda wa NME wa 1986. Mu 2013 magazini yomweyo inachitcha chimbale chopambana zonse m'mbiri ya nyimbo. Master of Puppets cha Metallica, chimene chinatuluka mu Malichi, mawailesi ambiri sankachiseweretsa, ndipo woyimba besi wa gululo, Cliff Burton, anafa pangozi ya basi ku Sweden mu Seputembala chaka chomwecho. Patapita zaka pafupifupi 30, nyumba yosungira mabuku ya boma la America, Library of Congress, inachiika m'kaundula wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa mpaka kalekale, choyamba cha metal kulowamo. Graceland ndi Raising Hell zilinso m'kaundula yemweyo.

Nthawi imaonetsanso chinthu chimene palibe akanachiona mu Disembala 1986: ana a chimbale. Raising Hell, ndi nyimbo yake ya Walk This Way imene Run-DMC anayimba ndi a gulu la Aerosmith, chinalowetsa rap m'nyumba za anthu amene ankaiona ngati phokoso la m'misewu ya New York. Kumayambiriro kwa 1987 Licensed to Ill chinakhala chimbale choyamba cha rap kufika pa nambala 1 pa Billboard. Mnyamata mmodzi, Rick Rubin, anali nawo pojambula zimbale ziwiri zonsezi, kuphatikizanso Reign in Blood cha Slayer, chimbale cha metal chosakwana mphindi 30. Anachita zonsezi m'chaka chimodzi ali ndi zaka 23.

Mutandikakamiza kusankha chimodzi, ndingatenge Control. Janet Jackson anali ndi zaka 19, atangochotsa bambo ake pa udindo woyendetsa ntchito yake, pamene anapita ku Minneapolis kukagwira ntchito ndi Jimmy Jam ndi Terry Lewis. Anatuluka ndi nyimbo 9, zisanu mwa izo zinalowa m'gulu la nyimbo zisanu zapamwamba ku America. Ng'oma zake zouma za makina, zomenya ngati chikwapu, zinakhala maziko a nyimbo za R&B za zaka zotsatira, ndipo mayendedwe ake mumawamvabe mwa atsikana ambiri oyimba lero. Palibe nyimbo yongodzazira malo, ndipo nkhani yake ndi imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto: mtsikana akulanda chiwongolero cha moyo wake. Jam ndi Lewis anapata Grammy ya ojambula nyimbo opambana, chimbalecho ayi. Wokonda jazz angandikanize n'kutchula Tutu cha Miles Davis, chotchedwa dzina la Bishopu Desmond Tutu, ndipo sindingamunene kuti walakwa.

Nthawi nayonso imakondera, tisaipembedze. Chimbale chimakumbukika ngati matepi ake anasungidwa, ngati kampani yake idakalipo, ndiponso ngati pali phindu pochitulutsanso. Mu 2012 Graceland chinatulukanso m'bokosi lokongola pamodzi ndi filimu ya Under African Skies, mmene Paul Simon ndi Dali Tambo akhala pansi n'kukambirana mlandu wawo wakale uja. M'badwo watsopano unachimva, atolankhani analembanso za icho. Nyimbo zambiri za kuno za chaka chomwecho zinatsala pa matepi a wailesi ndi pa makaseti amene chinyezi ndi mphemvu zinawononga. Wachinyamata amene lero atsegule foni kuti asankhe zimbale zake 10 za 1986 asankha pakati pa zimene wina anaziika pa intaneti, ndipo tsiku lolembedwa pambali pa chimbale nthawi zina limakhala la chaka chimene anachitulutsanso, osati chimene chinajambulidwa.